Mdzukulu pa Phiri la Mpyupyu

Zaka makumi awiri ndakhala mdzukulu.
Uthenga ukafika mbandakucha ndimatola khasu,
dzuwa lisanafike paliwombo dzenje latha,
lakuya, ndi kachipinda kake pambali.
Ntchito yanga ndi kubisa.

Ndiye atabwera ana a ku Chanko ndi zingwe ndi zikhomo,
kufuna manja ongodzipereka kuphanga la m'phiri,
ndinanyamula khasu lomwelo.
Mtsikana wina, Asiyatu, msinkhu wa chitsiriza wanga,
anandilanda.
Anandipatsa kachitsulo kochepa ngati supuni
ndi burashi yoti ungatsukire mano.
"Bambo Likoswe, pano timakumba ngati tikupepesa."

Masiku anayi, dzenje losafika m'bondo.
Ndinachita manyazi.
Pamsika wa Jali ankati tikusaka ndalama za Ajeremani,
wa kabaza wina nkundinong'oneza kuti ndisamuiwale.
Kunyumba mayi akuti, mwabwera ndi chiyani?
Ine: fumbi, ndi msana.

Koma dothi lili ndi masamba ngati buku.
Pamwamba zitosi za mileme.
Kenako lakuda, kenako phulusa lopyapyala
pomwe wina anasonkha moto, nawotha, nachoka.
Timasefa ndowa iliyonse
mwera wochokera ku Chilwa ukutibwezera m'maso.
Minga za nsomba. Kamkanda ka chigoba cha nkhono.
Mwala woyera wakuthwabe, unandicheka.

Lachisanu masana burashi inakodwa.
Phale.
Losaposa bokosi la machesi,
m'mphepete mizere ya chikhadabo, isanu ndi iwiri,
wachisanu ndi chitatu wokhota,
ngati mwana anamukoka mkono woumbayo.
Nditalitembenuza, mkati muli kadzenje
pomwe chala chachikulu chinatsamira dongo lili lofewa.
Ndinaikapo changa.
Chinakwana.

Sindinaitane msanga.
Ndinakhala naye kaye, mayi wopanda dzinayo,
ine ndi iye, chala pa chala,
anyani akukangana kumtunda kwa thanthwe.

Asiyatu anayeza ndi tepi, najambula,
nalilowetsa m'kajumbo, nalemba nambala.
Ndinafunsa, ndi wa liti?
Anati makala apita kutali kukafunsidwa,
yankho mwina chaka chamawa.
Ndinafunsa, ndi wa mtundu wanji?
Anaseka. "Mbiya silankhula Chiyao kapena Chilomwe, bambo."

Dzulo tinali kumanda, tataya Che Mdala Bwanali.
Ndinalowa m'dzenje monga mwa masiku onse,
koma khasu linayamba kundilemera.
Fosholo iliyonse yotuluka ndinkaiperekeza ndi maso.
Katondo. Mizu. Kamzere kakuda.
Anzanga pamwamba akukuwa,
Likoswe fulumira, nyimbo zayandikira!

Potsiriza kukwirira, mkamwini anaswa mbale pamtumbira.
Ndinayang'ana zidutswazo nthawi yaitali.
Tsiku lina kudzabwera wina ndi burashi,
wogwada, wa msana wowawa.
Ndinaponda dothi mofatsa
kuti adzazipeze bwino.