Usiku wa Khobidi ku Huddersfield

Ndinapitira makina oluka nsalu.
Za makompyuta ndinangozigwera
pothawa mvula, mu Novembala wa 1981,
nditaona nyali pamwamba pa holo ya tchalitchi.

Pamakwerero ndinapeza a Ackroyd, ali wefuwefu,
akukoka ngolo ya mwana.
Ndinasuzumira kuti ndione khanda.
Munali wailesi yakanema, yofunditsidwa bulangete.

M'katimo fungo la mtovu wosungunuka,
majekete onyowa, tiyi wozizira m'makapu.
Anthu khumi ndi anayi, soketi imodzi.
Woyendetsa basi, wometa, ana asukulu atatu,
ndi Mayi Thwaite, namwino wausiku,
amene yawo analumikiza okha waya ndi waya
naikhazika m'chitini cha mabisiketi.

Sanandifunse kwathu. Anandipatsa magazini:
ine kuwerenga manambala,
Nigel kutayipa ndi zala ziwiri
ngati nkhuku yojompha madeya.
Mizere mazana awiri.
Tikaphonya kadontho, makina ankangoti duu,
ife n'kuyambiranso, chala pa pepala.
Kaseti ikayamba kulira tswii,
ngakhale wachifuwa ankameza chitsokomolo.

Koma nkhani imene sinaphwe m'kamwa
ndi ya usiku wa khobidi.
A Ackroyd anali ataphunzitsa makina awo tchesi.
Maola atatu akutayipa, osasunga pa kaseti,
ati bola tione kaye.
Tinaunjikana, mpweya pakhosi pa mnzako.
Makina anaganiza, anaganiza,
kenaka kavalo anasuntha.
Magetsi thii!
Mita ya pakhonde inali itadya khobidi lomaliza.

Mu mdimamo wina anaseka, wina anatukwana.
Machesi atayaka, a Ackroyd anali chikhalire,
manja akadali pa mabatani.

Pofika Khirisimasi, Nigel ankalumbira
kuti makinawo anali atatsala pang'ono kupambana.
Wometa ankauza makasitomala
kuti mudzi wonse unada usiku umenewo.
Mayi Thwaite okha ankati kavaloyo anayenda molakwika,
koma ndani amamvera wowononga nkhani?

Tsono mverani zimene sindinanenepo.
Nthawi ikadalipo, mayiwo anafunsa:
ndani ali ndi khobidi, muvi watsika?
Onse anapapasa m'matumba.
Inenso ndinapapasa, ndipo ndinaligwira,
la ngodya zisanu ndi ziwiri, lofunda.
Linali la basi yobwerera ku Marsden.
Kunja kunali mvula.
Ndinatulutsa dzanja lopanda kanthu.

Ndamva kuti holoyo tsopano amagulitsamo makapeti,
ndipo a Ackroyd anatsikira kulichete kalekale.
Mdzukulu wanga amasewera tchesi pa foni,
imamugonjetsa asanamalize chikho cha tiyi.
Akandifunsa ngati ndimaidziwa, ndimati pang'ono.

M'basi muja ndinakhala kumbuyo kwenikweni,
tikiti ili chifumbatire,
ndikuwerenga nyali za m'chigwa,
zonse zikuyaka.