Ngalande za M'kati

Zaka khumi ndi zinayi Fulechi mwamuna wanga
wakhala akutsegula ndi kutseka zipata za ngalande
m'minda ya nzimbe ku Nchalo.
Madzi amawadziwa ndi khutu.
Akamva kulira kwachilendo amati, kumtundaku kwatsekeka,
n'kunyamula fosholo.
Koma ngalande zake zomwe, za m'kati,
sanazimve.

Zinayamba ndi kamfuno mu Okutobala.
Tinati ndi dzuwa,
poti kuno ngakhale mbuzi zimalimbirana mthunzi wa njinga.
Kenako makhololo a dzimbiri.
Kenako timadontho tofiirira m'miyendo
tosafufutika ndi chala.
Mkodzo n'kusanduka tiyi wopanda mkaka.

Ku Chikwawa anayeza malungo: mulibe.
Anamwa za likodzo: chimodzimodzi.
Za chifuwa chachikulu, miyezi itatu,
iye akungosungunuka ngati sopo woiwalika m'beseni.
Alamu a ku Tengani anayamba kuloza ndi milomo
khomo la aneba.
Mbuzi ziwiri zinapita kwa sing'anga,
kunabwera mphini zokha.

Tinakwera Thabwa pa ambulansi, makutu akutseka,
chigwa chathu chikucheperachepera kumbuyo.
Dokotala Mwafulirwa, wolankhula pang'onopang'ono,
anatunga timabotolo tiwiri.
Anati magaziwa akupita kutali, dikirani.
Magazi a munthu wosadziwa ndege
anakwera ndege.
Ine masiku khumi ndi asanu ndi anayi
ndinagona pakatoni pakati pa magadiyani anzanga.

Yankho linabwera m'zilembo zinayi: ANCA.
Ndinati ndi dzina la munthu?
Anati ayi, mayi, khalani pansi.
Thupi lili ndi asilikali oyera m'magazi,
lilinso ndi alonda oloza mdani.
Alonda a bambowa asokonezeka,
akutosa asilikali awo omwe,
asilikaliwo n'kulusa, kuyatsa moto
m'makoma a timitsempha tating'ono
ta mu impso, m'mapapo, m'mphuno.

Fulechi anakhala chete kanthawi.
Kenako, ndi mawu ouma:
ndiye kuti madzi akudya khoma lake lomwe?
Dokotala anavomera ndi mutu.

Anationetsa chithunzi pafoni,
timaselo tikuwala mobiriwira mumdima
ngati ziphaniphani za kudambo la Ndindi.
Zinali zokongola.
Ndinakwiya nako kukongolako.

Mankhwala ake si opha mdani,
poti mdani palibe.
Ndi onyengerera a pakhomo kuti atule mikondo.
Mapiritsi m'mawa uliwonse, owawa,
nkhope yake n'kufufuma ngati mandasi,
njala ya pakati pa usiku, kupsa mtima kopanda chifukwa.
Diripi mwezi ndi mwezi, ndalama ya minibasi yokongola.
Asilikali akagona, anati, chimfine chomwe chimakhala mkango:
wiritsani madzi, pewani khamu,
thupi likatentha musadikire kucha.

Atayezanso, nambala inatsika.
Ndinafuna kululutira mukhonde la chipatala.
Dokotala anakweza dzanja:
nambala musaipembedze,
nthawi zina imatsika moto ukunyeka kunsi kwa phulusa,
nthawi zina imakwera munthu ali bwino.
Tiziyeza, inde,
koma inu muziyang'ana munthuyo.

Ndiye ndimayang'ana.
Mbandakucha uliwonse, njinga za odula nzimbe zisanadutse,
ndimanyamula kachitini kake kupita nako poyera,
kupendeketsa pakuwala.
Lero ndi woyera ngati madzi a pamjigo.
Dzulo chimodzimodzi.
Za mawa sindinena.

Alamu anabweranso Lamlungu,
akufunsabe kuti tsono anachita ndani.
Fulechi anawatenga dzanja
n'kuligunditsa pachifuwa pake.
Sanamvetse. Anapempha madzi akumwa,
n'kuyamba kudandaula za mtengo wa thonje.

Wabwerera kuntchito theka la tsiku, atavala chipewa chachikulu.
Usiku ndimamupeza ali maso, chagada,
zala ziwiri pamkono,
akumvetsera.