Msoko

Kudzanai wandiyika foni pamphuno
ndili pakati powotcherera chogwirira cha wilibala
pano pa Magaba, Lachinayi, dzuwa likuphika malata.
Akuti, Sekuru, taonani ichi.

Ndakweza chigoba chakumaso.
Chipululu chakutali, choyera ngati ufa wotayika.
Ndege yamimba ngati tchalitchi yatsegula kumbuyo,
ndipo chinthu chotalika ngati basi ya ku Mufakose
chikutsetsereka mosafulumira, chopakidwa penti watsopano
ngati chikupita ku ukwati.
Akuti matani khumi ndi imodzi. Akuti akungoliyesa.
Anyamata a m'mashedi aunjikana kudikira moto.

Ine ndati, taimitsa pomwepo. Bwezera pang'ono.
Kulitsa ndi zala zakozo.
Moto sindinaufune.
Ndaona msoko.
Pamene mutu wakumana ndi thupi
wina anayendetsa ndodo dzanja losanjenjemera,
mamba ake ondondozana bwinobwino,
popanda thovu, popanda pobwereza.
Ndipo pakamwa panga, posandipempha chilolezo,
patuluka mawu: uyu ntchito amaidziwa.

Ndinafika kuno pa sitima ndisanamere ndevu,
mzindawu ukadali ndi dzina lakale.
Ku Workington, m'shedi yopanda mawindo,
tinkawotcherera mathanki.
Anatiuza choncho, mathanki.
Thanki yanji yopanda mpopi,
yamphuno yosongoka, yazipsepse kumchira?
Tinalipo asanu ndi mmodzi, tonse obwera,
a ku Ntcheu, a ku Katete, wina wa ku Mwanza,
anthu amene chitupa chili m'kabati ya bwana safunsa zambiri.
Kapitawo Venter ankazungulira ndi choko
kulemba mtanda pa msoko uliwonse wokayikitsa.
Pa wanga sanalembepo.
Ndinalembera kalata amalume kuwauza zimenezi.

Loweruka lina anakweza atatu pa lole, nawafunditsa lona.
Lolemba anabwera khosi litapsa ndi dzuwa, akuseka,
akuti mitengo inagona yonse mpaka kumtsinje,
akuti panali chulu, ndiye panalibe chulu,
akuti wotsatira akhale wokulirapo.
Anatigulira kireti ya zakumwa ndi mabanzi.
Ndinamwa mabotolo awiri.
Anali ozizira kwambiri.
Zaka zonsezi, kuzizira kuja kukadali m'mano akumbuyowa.

Kumene mathanki enawo anapita sitinauzidwe.
Malole ankatuluka usiku, ife tili mtulo ku hostelo.

Pa geti apo pali Sandalamu, amanola mipeni ndi nkhwangwa.
Kwawo ndi tsidya la malire, cha ku Tete.
Makutu ake anatseka mmawa wina ali mwana,
akusaka mbuzi yothawa,
thambo litagwera kuseri kwa phiri kumene anasiya anthu akwawo.
Timasewera ntchuwa nthawi ya nkhomaliro,
ndimamukuwira kukhutu lamanzere, lomwe limalola pang'ono.
Ndamubwereka ndalama, wandiperekeza kumaliro a mkazi wanga ku Mbudzi.
Dzina la phirilo ndimalidziwa.
Chaka sindinamufunsepo.

Kudzanai watopa nane, wadina kuti ipitirire.
Chinthu chija chatsika, chamira, nthaka yapuma kamodzi,
kenako fumbi lamera ngati bowa wa chaka cha mvula yambiri.
M'kafonimo phokoso lake langomveka phwa,
ngati mwana waphulitsa jumbo.
Anyamata akuwa, wina waponya chipewa m'mwamba,
wina akuti bwezeranso, bwezeranso.

Sandalamu waona pakamwa pawo pali yasa,
wasiya mpeni pamwala, wabwera akupukuta manja,
akumwetulira kale.
Wandigwira paphewa: Lingisoni, wagoletsa ndani?

Ndatsitsa chigoba.
Mumdima wake munthu amaona kadontho ka moto wake kokha.
Ndodo yagwira, yadumpha, yagwiranso,
msoko watuluka wokhota, wamatuza, ngati wa mwana wophunzira.
Mwini wilibala abwera folo koloko, adandaula, andidula mtengo.
Chopalira chili apo pa benchi.
Sindinachitole.