Tebulo Lachisanu ndi Chimodzi

Joni, 1934

Ine ndine wa thireyi.
Jekete yoyera, mabatani asanu,
limodzi ndinasokerera ndekha ndi ulusi wakuda.
Kwathu ku Bawi ndine Zakeyu Kanyumbu,
kuno amangoliza chala, ndafika kale.

Tebulo lachisanu ndi chimodzi ndi la anthu a masheya.
Amachokera ku Hollard nyuzi ili m'khwapa,
kolala itanyowa, mawu atasasa.
Zaka zitatu ndawathirira tiyi akulira Amereka:
ati mabanki kumeneko akuthothoka ngati mapapaya akupsa,
ati azungu, azungu enieni,
ali pamzere mbale kumanja kudikira supu,
ati wina akugulitsa maapozi pamsewu atamanga tayi.
Ndinakaseka kukhitchini.
Wophika wathu Fulatira sanaseke.
Anati moto wa kwa mnzako umayenda ndi mphepo, thira madzi pa denga.

Unafikadi.
Pansi pa sosala panasiya kupezeka tiki.
Anyamata anayi anavulidwa majekete Lachisanu limodzi.
Lameki anauyamba wapansi kuloza Limpopo,
nsapato atazikoleka m'khosi kuti zisathe.

Kenaka chaka chatha, m'mwezi wa Malichi,
bwana wa ndevu zofiira anawerenga mokweza:
kuli pulezidenti watsopano,
watseka mabanki onse masiku angapo
monga mayi atsekera chitseko ana akamenyanirana chikande,
ndipo usiku wakhala pansi pa wayilesi,
osakalipa, osaloza chala,
kuyankhula ngati wodzakhuza maliro,
kuti anthuni, tulutsani ndalama m'matiresi,
bwezani komwe munazitenga, musaope.
Ndiye anthu n'kubwezadi!

Ndinaima pomwepo mpaka ketulo inandiwotcha chala.
Munthu mmodzi, pakamwa pokha,
dziko lonse n'kumasula mfundo ya mpango.
Ine boma limandiyankhula pa ngodya ya Eloff,
mawu ake ndi amodzi: pasi.

Tsopano akuti wakweza mtengo wa golide.
Tebulo lija lasiya tiyi, likuitanitsa kachasu wa m'botolo la nambala.
Nyumba zikuphuka m'tauni ngati bowa wa pachulu,
fumbi la simenti mpaka m'shuga.
Amakweza matambula kumwera thanzi la munthu
amene sanamugwirepo chanza,
ine ndili kumbuyo ndi nsalu pamkono
kudikira dontho ligwe ndipukute.

Lamulungu ndinakaona Mabunda ku komboni ya mgodi.
Ndinamuuza kuti mwala umene amaswa wakwera mtengo.
Anatsokomola nthawi yaitali,
n'kundionetsa tikiti yake:
masheleni awiri pa shifiti, monga dzana, monga dzilo.
Anafunsa ngati pulezidentiyo amadziwa
kuti golide amatuluka ndi malovu a magazi.
Ndinati nyuzi sinanene.

Banki yanga ili ku Doornfontein,
kuseri kwa nyumba ya dona, pansi pa njerwa yogwedera:
chitini cha fodya, dzimbiri m'mphepete.
Muli mapaundi atatu, masheleni asanu ndi awiri,
batani loyera lija ndinalipeza mochedwa,
ndi kalata ya Nangondo yolembedwa ndi mphunzitsi,
yonena za msonkho, za bulangete,
za mwana amene wayamba kuyenda osandidziwa.

Usiku wina ndinachitulutsa, n'kuchikhazika pa bokosi.
Ndinakonza kukhosi, n'kukhala mwaulemu
monga ndiganizira kuti amakhalira mkulu uja,
ndipo ndinachiuza chitini mofatsa, m'Chinyanja:
anthuni, musaope.

Kandulo inagwedezeka.
Galu wa dona anauwa kawiri.
Ndinawerenganso, pang'onopang'ono, ndi chala chopsa chija.
Ya sitima yokha ikuperewerabe,
ndipo mawa tebulo lachisanu ndi chimodzi
lasungitsa malo a anthu khumi ndi awiri.