Ng'anjo Siwerenga Malisiti

Ndinalembedwa ntchito magetsi akadali otchipa.
Langa linali kudina batani
n'kukhala pa ndowa, kudikira makapu apse.
Manja anga anali osalala ngati a kalaliki.

Kenaka bilu inabwera, yonenepa kuposa envulopu yake.
A Zalimba anaiwerenga kawiri, anavula mandala,
n'kuyang'ana phiri la Dedza
ngati lingawabwereke ndalama.
Lolemba lake tinakokera thanki ya dizilo kuseri kwa shedi.

Dizilo ndi mlendo wa m'tauni:
amafika ndi fungo, amadya mothamanga,
tsiku lomufuna umakam'peza pamzere,
zigubu makumi anayi patsogolo pako.
Tinamusunga miyezi isanu ndi iwiri.
Atakwera kachitatu, tinam'perekeza.

Zinabwera zigwagwa za paini wa ku Chongoni,
zonyowa, zolira utomoni pamoto.
Ndinaphunzira kugona khutu lili kung'anjo,
kudzuka pakati pa usiku wa Juni
chifunga chitameza ngakhale chimbudzi.
Makapu anatuluka ndi mabala a utsi m'masaya.
Nasibeko wopaka utoto analira,
koma ogula anati mabalawo ndiwo akongola,
ndipo a Zalimba, osaseka n'komwe,
anawonjezera mtengo.

Ocheka matabwa nawo ali ndi makutu.
Zomwe ankatipempha kuti tiwachotsere
anayamba kuziyeza pa sikelo.

Lero ndikusonkha utuchi woumba ndi makoko a mtedza,
mawa mwina zitsononkho.
Mnyamata wa maakaunti wapachika pepala pakhoma,
mizere inayi, mitengo inayi,
Lachisanu lililonse amazunguliza wotsika ndi cholembera chofiira.
Sadziwa kuti kusintha moto si kusintha malaya:
pakamwa pa ng'anjo pamafuna kugumula,
chumuni chimafuna kutalikitsa,
ndipo mtanda woyamba umasweka ndithu,
ngati nsembe.

Dzulo wati gasi watsika ku Lilongwe.
Ndangoyang'ana zikhato zangazi,
mmene muli mapu a moto uliwonse
umene unadutsa pano.

Ng'anjo siwerenga malisiti.
Imangofuna kufiira kumodzimodzi,
kuja kwa maso a munthu amene sanagone,
ndipo dongo la ku Linthipe silifunsa
kuti walipsereza ndani.

Batani lija likadalipo pakhoma.
Mavu amangapo nyumba yadothi,
yosawotcha.