Zenera Lakuda

Ku Oulu dzuwa lalowa isanakwane 3 koloko masana.
Raimo wakhala moyang'anana ndi zenera lakuda,
kamzere koyera kakuphethira ngati diso la mlonda.

Tuuli, mwana wake, amakonda tizithunzi:
kafoda kachikasu, kabini, kamuvi kotsata dzanja.
Dzulo anadina maulendo mazana asanu ndi atatu
kusintha mayina a zithunzi za malemu mayi ake,
chimodzichimodzi, mpaka chala chinachita dzanzi.
Akati afufute kanthu, makina amayamba afunsa:
Mwatsimikiza?

"Zimenezo n'za ana," anatero Raimo.
Iye mzere umodzi basi,
khofi asanazizire, ntchito yatha.

Koma lero chala chaterereka
pakati pa kanyenyezi ndi kadontho,
kampata kosakwana njere ya mpunga.
Zenera silinafunse kanthu.
Langomvera, ngati wantchito
wosadziwa kukayikira bwana.

Chilimwe cha 1998 chapita.
Diresi lobiriwira lija lapita nacho.

Tuuli wangoti zii.
Watsegula kabini kaja, poti mwina,
koma njira ya bambo ake sidutsa kumeneko.

Panja chipale chofewa chikukwirira njinga.
Kamzere kakuphethirabe,
kudikira lamulo lina.