Kamkombero

Leveni koloko usiku, ku Sunderland,
mvula ikugogoda pazenera ngati mwini ngongole.
Ndavula yunifolomu yonunkha sopo wa kunyumba ya okalamba,
ndatsegula laputopu patebulo la kukhitchini
pakati pa kapu ya tiyi ndi bilu ya gasi.

Phunziro lachisanu ndi chiwiri: kanyamulidwe ka wodwala.
Mayi wa m'vidiyomo wapinda mawondo,
watambasulira manja nkhalamba ya pabedi,
wati, "Choyamba,"
basi waima.
Kukamwa yasa.
Pamphumi pake pamera kamkombero koyera,
kakuzungulira, kakuzungulira,
ngati galu wosowa pogona.

Kudikira ndinaphunzira kale,
pamzere wa pasipoti, pamzere wa viza.
Ndadina kabatani koyambitsanso.
Mayi uja wamwetulira ngati sitinaonanepo,
wapindanso mawondo.
"Choyamba,"
njo!
Nkhalamba ija yatsala m'malere, mwendo umodzi kunja kwa bedi,
palibe wobwera kudzaitsitsa.

Ndakwera masitepe monyang'ama.
"Lonjezo, ukundidyera netiweki ndiwe?"
"Ndagona ine, amayi."
Wogona wanji bulangete lake likuwala?
Ndalanda foni, ndatsika,
ndagwada kuseri kwa sofa
komwe rauta imakhala ndi fumbi ndi sokosi imodzi yamasiye.
Ndaizimitsa, ndawerenga mpaka makumi atatu.
Timagetsi taphethira, kofiira, kachikasu,
kenaka kobiriwira, kondilonjeza zabwino.
Bodza.

Pakona pa tsamba pali kabokosi kofunsa ngati ndikufuna thandizo.
Woyankha akuti dzina lake ndi Gethin.
Kaya ndi munthu, kaya ndi makina ovala dzina la munthu,
koma ulemu ali nawo.
Akuti, mwayesa kuzimitsa n'kuyatsanso?
Mawondo anga ndiwo mboni, bambo.
Akuti, fufutani makuki.
Ndafufuta, pasiwedi yapita nawo limodzi,
ndaisaka m'kabuku ka nyimbo momwe ndinailemba mwezi wa Malichi.
Akuti, yesani bulawuza ina.
Ndayesa. Kamkombero kandilondola
ngati kamadziwa njira yachidule.

A Hargreaves ananena Lolemba, osakweza mawu:
popanda satifiketi, sabata yamawa palibe mashifiti.
Ndiye kunyamula munthu ndiphunzire lero, ine?
Ine amene ndinatembenuza mayi anga miyezi isanu
pachipatala cha Zomba, chitenje chili bande m'chiuno?
Ine amene m'mawa uliwonse ndimadzutsa a Pickering a m'chipinda cha naini,
olemera ngati thumba la simenti lonyowa,
iwo akundiuza za zombo zimene ankawotcherera kudoko?
Koma manja alibe chidindo.
Chidindo chili kuseri kwa kamkomberoka.

Wani koloko. Tiyi wachita khungu.
Gethin walembanso:
pansi kumanja pali kagudumu, tsitsani kuwala kwa chithunzi.
Ndatsitsa mpaka pansi penipeni.
Nkhope ya mayi uja yasungunuka,
maso ndi mphuno zasanduka timabokosi,
ngati munthu womuonera pagalasi la basi mvula ikugwa.

Koma wayenda!
Mawondo awongoka, mwendo wa nkhalamba wafika pansi,
mawu atuluka okhakhala ngati a wailesi yakutha mabatire:
"Choyamba, mpatseni moni wodwalayo,
mutchule dzina lake,
mumuuze chimene mukufuna kuchita."

Ndaseka ndekha m'khitchini mpaka kutsokomola.
Maola awiri, rauta, pasiwedi, mwana wondikwiyira,
kuti andiuze zopereka moni?

Ndaonera mpaka kumapeto, osaphethira,
chala chili chire pambali, kuopa kukhumudwitsa makina.
Kachizindikiro kobiriwira kagwa pa dzina langa,
lolembedwa molakwika monga mwa masiku onse.
Ndalembera Gethin kuti zikomo, mugone bwino,
ngati mumagona.

Basi ya sikisi koloko sidikira munthu.
Foni ya Lonjezo ndaisiya pakhomo pa chipinda chake,
pamwamba pa nsapato.